Mlandu wa Ngalande Uli Lachisanu

— Halo? Halo, Hermelinda?

— Halo. Ndine. Ndani kodi?

— Mwezi umodzi wokha pampando watsopano, waiwala kale mawu anga? Ndine Jaji Zamarripa.

— Pepani ajaji, nambalayi ndi yachilendo. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya iwe? Foniyi ndi ya mayi akunyumba, yanga yatha mayunitsi. Ya kukhoti ija paja unandilanda.

— Si ine, ndi lamulo. Mayi ali bwanji? Bondo lija?

— Likupola. Nanga amayi ako, shuga uja?

— Anamwalira chaka chatha, ajaji. Munandipatsa theka la tsiku kuti ndikaike maliro.

— Ee... eya, zoona. Mulungu awalandire. Ana ali bwino?

— Ali bwino, zikomo.

— Komatu ndimakunyadira, mtsikana wanga. Zaka makumi awiri ukunditaipira makalata ndi kundipangira khofi, lero akuti ndiwe woyang'anira khoti! Aphungu athu kulikulu la chigawoku akakhuta matamale amangolemba zilizonse.

— Lamulo ili analemba asanadye. Gawo 14: jaji aziweruza milandu, basi. Makiyi, galimoto, antchito ndi masiku ozengera milandu, zonsezo ndi za woyang'anira.

— Ndaliwerenga. Dzulo ndapempha cholembera, akuti ndilembe fomu. Ndilembe ndi chiyani, chala?

— Fomuyo ndaiona. Cholembera chibwera Lolemba. Ndi chomwe mwaimbira?

— Ayi, ndangoti ndikupatse moni. Halo? Ukundimva? Netiweki kumunda kuno njovuta.

— Ndikukumvani bwinobwino, ndi magitala omwe. Kumunda kwa yani?

— Kwa Don Fulgencio Arriaga. Tawotcha kambuzi. Ndipo akuti akutumizira bokosi la mapeyala, aja amafuta aja.

— Muwauze asavutike. Sabata ino mapeyala akundipweteka m'mimba.

— Hahaha! Pakamwa pako sipanasinthe. Chabwino, mayunitsi ndi a eni ake awa, ndinene. Ndaona pabolodi waika mlandu wawo Lachisanu, 9 koloko. Uja wa mayi wamasiye uja... ndani paja?

— Mayi Casilda Tapia. Amene a Fulgencio anawatsekera ngalande ndi simenti kuti madzi asamafike kumunda kwawo. Zaka zisanu ndi chimodzi mlandu uli patebulo lanu, dzina simunaligwirebe?

— Eya, omwewo. Tausunthako. Uuike mvula ikadzayamba.

— Mvula ili kutali miyezi inayi. Mayiwo anali ndi mitengo mazana awiri, yatsala makumi anayi. Pofika nthawi imeneyo adzakhala akugulitsa nkhuni.

— Hermelinda, tamvera. Mwana wa a Fulgencio ndinamuimira ine pa ubatizo. Ndangowalonjeza kumene pamaso pa anthu, tambula ya mowa wa mesikali ili m'manja, kuti foni imodzi yokha nkhani yatha. Ali apa akundiyang'ana.

— Apatseni moni. Kale zinkatheka, masiku munkalemba nokha m'buku lanu lofiira lija. Buku limenelo lili mukabati yanga, kiyi ndamangirira m'khosi.

— Ndiye Lachisanu ndidwala.

— Dwalani, ajaji. Lamulo likuti jaji akadwala, woyang'anira aitane wa khoti loyandikana nalo. Ndawachenjeza kale a Jaji Ofelia Barragán.

— Kamtsikana kaja kamene kamamaliza milandu nkhomaliro isanakwane?

— Komweko. Akuti galimoto yawo ili ndi mafuta.

— Iwe! Ndinakutola ine usakudziwa ngakhale kusoka failo!

— Munandiphunzitsa zambiri, sindikana. N'chifukwa chake lipoti ndalemba mosavuta.

— Lipoti lanji?

— Miyezi itatu iliyonse ndizitumiza kubungwe loyang'anira makhoti milandu yonse yosunthidwa, ndi zifukwa zake. Uwu wokha munausuntha ka 31. Azakhali anu a Petronila anamwalira katatu, ndipo sabata yatha ndawaona kumsika akugula tsabola.

— Zifukwazo unkataipa ndiwe!

— Munkasaina ndinu.

— Tadikira ndipite kuseri kwa mtengo... Halo? Mayi Quiñones. Mayi Hermelinda, chonde. Kwanditsalira chaka chimodzi kuti ndipume pantchito. Musandichititse manyazi pamaso pa mnzanga. Si ife anthu amodzi kodi?

— Eh, lero ndine "mayi"? Ndikuuzeni zoona, ajaji, zinkandiwawa. Mayi aja ankakwera basi yoyamba, atavala diresi lawo lakutchalitchi, n'kudzakhala pabenchi pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Ine n'kumatuluka kukawanamiza kuti, "Ajaji atuluka pang'ono, mubwere mawa." Inu muli mkatimo mukunyambita zala. Iwo n'kundithokoza. Kundithokoza, ajaji! Manyazi amene mukuwaopawo ine ndawasenza zaka zisanu ndi chimodzi.

— Nkhani zoterezi si za pafoni. Ndikubwera komweko pompano. Uuze dalaivala adzanditenge.

— Galimoto yapita kukasiya masamoni kwa mboni za Lachisanu. Basi ya 3 koloko ikadalipo, mukathamanga muipeza.

— Basi? Ine? Chabwino, ndikwera! Undidikire muofesi, usasunthe!

— Bwerani, pabenchi malo alipo. Kungoti woyang'anira khoti watuluka pang'ono. Mubwere mawa.

— Wati chiyani? Hermelinda! Halo?

— Muswere bwino, ajaji. Moni kwa azakhali.

— Halo? Halo!... Ayi, a Fulgencio, khalani pansi, palibe vuto. Ndi netiweki.