Chithunzi cha ku Waterfalls

— Halo?

— Halo, Tete Magret? Ndine Emelda.

— Ndani? Kwezani mawu, kuno kukuomba mphepo.

— Emelda, Tete. Mwana wa achimwene anu, kuno ku Ingalande.

— Emelda! Dikira, usadule. Ndikwere pachulu, m'nyumba muno netiweki siifika. Dikira. Eya, ukundimva?

— Tsopano ndikukumvani. Muli bwanji, Tete?

— Tili bwino mwanawe, kaya iwe?

— Ndili bwino. Kuzizira kokha.

— Uzivala zokwanira. Nanga ntchito yosamalira nkhalamba ija?

— Ikuyenda. Msana ndiye ukudandaula, koma ikuyenda. Ku Hopley kuli bwanji?

— Zvakaoma, zinthu zavuta, monga anenera eni dziko kuno ku Zimbabwe. M'mashopu mwangotsala mashelefu. Ndalama ukailandira m'mawa, pofika madzulo yasanduka pepala loyatsira moto. Kolera nayenso wavuta.

— Madzi mukuwiritsa?

— Nkhuni zikapezeka. Koma zisiye izo, ndikuuze zabwino. Katundu uja anafika.

— Anafika? Yense?

— Yense, ngakhale singano siinasowe. Dalaivala wa basi ya ku Joni anandiyimbira, tinathamangira ku Mbare ine ndi Lilly, mnzanga woluka naye uja. Ufa, mafuta ophikira, shuga, sopo, ulusi wolukira. Lilly atangoona anayamba kululutira pamalo okwerera mabasi pomwepo. Ndinachita kumutseka pakamwa, ndati iwe ufuna atilande? Tinaphimba zonse ndi zitenje ngati tanyamula zovala zokachapa.

— Munagawana bwino?

— Ku tchalitchi, Lachinayi, pa Mvano. Aliyense woluka anatenga gawo lake. Olinda, wamasiye uja wa ana atatu, anangogwira sopo n'kumanunkhiza, misozi ili chuchuchu. Akuti anaiwala fungo lake. Tinapemphera mpaka mawu kusasa. Dzina lako linatchulidwa kuposa la Yesu tsiku limenelo, Mulungu atikhululukire.

— Aa, Tete, ine ndangogulitsa. Manja ndi anu.

— Ndiye zinagulidwadi zonse? Madoyilo athu omwewa?

— Zonse. Mapemphero atangotha tinayala tebulo muholo ya tchalitchi. Mayi Shila, mzungu uja ndinakuuzani kuti ndiye amatsogolera komiti yothandiza amayi osauka akunja, anaphika makeke, ine ndinayala madoyilo ndi zikwama. Tiyi asanazizire n'komwe, tebulo linali mbee.

— Nanga lalikulu lija, la maluwa m'mphepete? Limene lija ndinaluka ndine.

— Linayamba kugulidwa ndi limenelo. Anatenga agogo ena.

— Anayala pati? Patebulo lodyera?

— Akuti pogona mphaka wawo.

— Mphaka? Iwe Emelda, ine maso anatsala pang'ono kutha ndi doyilo limenelo, kuti pazigona mphaka?

— Amamukonda kwambiri, Tete. Kuno mphaka ndi mwana.

— Ndiye uwauze kuti akakhala ndi galu, naye timulukira. Bola alipire.

— Musandiseketse, khadi langa loyimbira foni likutha. Imvani izi. Khirisimasi ikubwerayi kuli malonda aakulu, matchalitchi onse a m'dera lino pamodzi. Anthu adzadza muholo ya tawuni. Tikapeza tebulo kumeneko, si za basi imodzi ayi. Mudzadya mpaka kukolola.

— Aleluya. Halo? Halo?

— Ndilipo.

— Ndimayesa yaduka. Ndiye katundu wachiwiri wa madoyilo uja, tinapatsira a Antonio pobwerera kumeneko, wafika?

— Wafika, anabwera naye okha kunyumba.

— Nanga chithunzi? Wachiona chithunzi?

— Ndachiona.

— Basi, kungoti ndachiona? Iwe sukudziwa m'mene tinavutikira. Paja unati azungu akufuna kuona nkhope za amayi oluka. Nditawauza amayi, kunali kuvina. Lilly akuti ine ndege sindidzaikwera, koma nkhope yanga ikwera.

— Tete, chithunzicho...

— Dikira ndikufotokozere. Tinati tijambulitsa kuti? Kuno ku Hopley, pa mapulasitiki ndi fumbi? Pretty ndiye anatipulumutsa. Ukumukumbuka Pretty, wamfupi uja woyimba alito? Amagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi, ku Waterfalls. Mabwana ake anapita ku Joni, anamusiyira makiyi kuti aziyang'anira nyumba.

— Ndiye nyumba ija ndi ya mabwana a Pretty.

— Nanga unkayesa yanga? Tinapita wapansi tonse, kombi, minibasi zakuno zija, ndani angaikwanitse. Nsapato zabwino kumanja, kukavalira pageti. Kuseri kuli mpopi wa pachitsime, tinasamba komweko mmodzimmodzi, ndi sopo wako yemweyo. Kudzola, kupesa. Olinda anabwereka wigi kwa akazi a mkulu wa mpingo. Itamukhala, ife osamuzindikira. Lilly anaika foni kukhutu, foni yopanda batire, yoseweretsa mwana wake.

— Nanga suti yobiriwira munavala ija?

— Ya adona a Pretty. Sitinabe, tinabwereka. Tinaisita n'kuibwezera pamalo pake. Inandikhala kapena siinandikhale?

— Inakukhalani, Tete. Munaoneka ngati nduna.

— Ehee. Lameki wojambula uja ndiye anati, amayi, ikani dzanja pa galimoto. Galimoto yake yopanda mafuta, matayala anaphwa kalekale, koma pachithunzi ndani angadziwe? Tinaseka tsiku limenelo, Emelda. Sindikumbuka kuti tinasekanso choncho liti. Pobwerera nsapato kumanja, nyimbo njira yonse.

— Ndinalira nditachiona. Zoona. Ndinachiika pafiliji, ndimachiyang'ana ndikamapita kuntchito.

— Nanga azungu anati chiyani? Anaomba m'manja?

— Tete, batire lanu lili bwanji?

— Latsala kadontho. Bwanji?

— Pali nkhani imene ndayimbira.

— Nena.

— Ndinapita nacho ku komiti. Chinayenda dzanja ndi dzanja. Kenako abambo ena anafunsa kuti galimotoyi ndi ya ndani. Ena akuti khonde limeneli ndi lalikulu kuposa nyumba yanga.

— Ndiye sunawauze kuti n'zobwereka?

— Ndinadziwa bwanji? Ndinangoti sindikhulupirira kuti n'zawo. Pamenepo ndiye ndinaonjeza moto. Akuti anthu amagula madoyilo chifukwa tinawauza kuti ndi amayi osauka, amasiye, okhala m'zisakasa. Tsopano akuona amayi a mawigi ndi mafoni. Mayi wina ananena pamaso panga kuti mwina mtsikanayu akudyetsa abale ake olemera ndi ndalama za tchalitchi.

— Anakunena iwe? Wakuba?

— Sanatchule mawuwo, koma ndinawamva.

— Mayo ine. Ife tinkati tikukulemekeza.

— Ndikudziwa, Tete.

— Ayi, sukudziwa. Chithunzi chopita kunja ndi ulendo. Munthu akamapita kwa eni ake amasamba, amavala. Iwe unaonapo ndani akupita kukacheza ndi nsanza? Ngakhale kumafamu kuja, tikuthyola fodya, bambo ako ankabwereka jekete kuti ajambulitse chotumiza ku Malawi. Tikanatumiza cha zigamba, anthu akanati Emelda ali ndi abale otani, osadziwa ulemu.

— Kuno amaganiza mwina. Akufuna aone vutolo ndi maso.

— Vutolo alione pankhope pathu? Madoyilo sakuwakwanira? Ulusi uja ndi wabodza?

— Musakwiyire ine.

— Sindikukwiyira iwe. Halo? Ukundimva?

— Ndikumva. Tebulo la Khirisimasi ndi limodzi lokha, ndipo pali gulu lina la kudziko lina limene likulifuna. Iwo anatumiza zithunzi za ana opanda nsapato. Mayi Shila ndiye anandiyimira. Akuti ine mtsikanayu ndimamudziwa, amasambitsa mayi anga, sanganame. Apempha kuti komiti idikire mpaka idzakumanenso Lamulungu likudzalo.

— Idikire chiyani?

— Chithunzi china. Cha ku Hopley komweko, pakhomo penipeni, mutavala m'mene mumavalira masiku onse. Lameki atha kupita nacho m'tawuni n'kuchitumiza pa intaneti, chifika tsiku lomwelo.

— Amayi onse?

— Anatero.

— Emelda, iwe unali utapita kale pamene boma linatigwetsera nyumba ku Mbare. Tinagona panja, pa njerwa zathu zomwe. Kunabwera anthu a makamera, osapereka ngakhale moni. Olinda anamujambula atakhala pansi, bulawuzi itang'ambika, poto ali pamiyendo. Chinatuluka m'nyuzipepala. Achibale a malemu mwamuna wake anachiona, mpaka lero amamutcha mayi wa poto. Tsiku la ku Waterfalls lija Olinda anandikokera pambali, akuti amayi, tsopano dziko lindiona ndili munthu. Ndiye ndipite ndikamuuze kuti vula wigi, khala pansi, tenganso poto?

— Ayi, Tete. Musatero. Ndikawauza kuti sizitheka.

— Ukawauza, tebulo lipita.

— Lipita.

— Ndiye amayi adya chiyani? Ulusi uja tagawana kale. Panopa ndikuwaona apo pansi pa mtengo, akuluka, akudziwa kuti ndikulankhula ndi iwe, akundikupizira manja. Olinda mankhwala amene akumwa safuna m'mimba mopanda kanthu.

— Ndiyesa kugulitsa ndekha, kuntchito, kwa anzanga...

— Anzako angagule angati? Nawonso ali ndi atete awo kwawo.

— Ndiye titani?

— Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndijambulitsa ndekha.

— Nokha?

— Wapampando ndine. Amayi sindiwauza kanthu, cha ku Waterfalls chikhale chawo. Ndimuitana Lameki m'mawa, iwo atapita kotunga madzi. Ndiima pakhomo panga, pulasitiki ioneke, malata a dzimbiri aoneke, ndi diresi lija ndimagulitsira tomato. Ndigwira koloshi ndi doyilo kumanja, adziwe kuti sindikupempha. Uwauze kuti enawo amakhala chimodzimodzi, afune akhulupirire, afune aleke.

— Mayi Shila akhulupirira. Enawo ndilimbana nawo.

— Chimodzi chokwana?

— Ndichikwanitsa. Tete, pepani. Ndinayamba zimenezi kuti ndikuchotseni manyazi, tsopano ndine ndikukuvulani.

— Leka kulira, ukutha khadi. Adzachiika pati chithunzicho?

— Patebulo, pambali pa madoyilo. Mwina adzachikulitsa.

— Anthu onse a m'tawuni kumachiona.

— Eya.

— Ndi akuda anzathu omwe? A ku Zimbabwe ali kumeneko?

— Alipo ambiri, amabwera.

— Hmm. Ndiye iwe udzaima kuseri kwa tebulo limenelo, ndi jekete lako labwino.

— Ndidzaima. Tete, foni ikuti khadi latsala pang'ono.

— Ndikufunse kamodzi. Akadzakufunsa kuti mayi ameneyu ndani, udzati chiyani? Utha kungoti ndi mayi wina wa ku Hopley. Sindidzadandaula, ndipo sindidzamva n'komwe.

— Ndidzati ndi tete anga. Ndidzati mayi anga atamwalira anandilera ndi awa, fizi yanga inachokera m'manja amenewa.

— Udzatero pamaso pa anthu?

— Ngakhale asanafunse.

— Chabwino. Ndiye kumutu kokha ndimanga duku labwino, loyera lija la Mvano. Ndisakuchititse manyazi kwambiri.

— Tete, inu simunandichititsepo...

— Halo? Emelda? Halo?