Amajombo ndi Amapasa a m'Firiji

Abusa, akuluakulu a mpingo, akuchimuna ndi akuchikazi, aphunzitsi a ku yunivesite, nthumwi za boma zimene zakhala pamipando yakutsogoloyi, ndi nonse amene mwabwera kudzakhuza maliro ano: iyi ndi mbiri ya malemu, amene kuntchito ankatchedwa Dokotala, koma ana a kumunsi kwa mtsinje ankawadziwa ndi dzina loti Amajombo. Walemba ndi mwana wawo wamkazi, amene wangomaliza kumene sekondale. Iyeyu sanazolowere kulankhula pagulu, n'chifukwa chake akuwerenga ndi amalume ake. Amalumewo anapempha kuti mbiri ikhale yaifupi ndiponso isakhumudwitse alendo. Kufupikako kwakanika, koma iwo alonjeza kuti sadumpha mzere.

Ambiri mwakhala mukunong'onezana kuyambira kutchalitchi kuti amuna awo a malemu ali kuti. Sanadwale, sanathawe, ndipo banja silinayambane. Ali kunyumba, akuyang'anira firiji. Musawaweruze msanga, mbiriyi ifotokoza.

Malemu anabadwa m'chaka cha 1977, m'nyumba za ogwira ntchito kunjanji, kuseri kwa siteshoni ya sitima. Anali achitatu mwa ana asanu, ndipo aakazi anali okha. Bambo awo ankakonza njanji, mayi awo ankagulitsa makala. Alongo awo amakumbukira kuti ali mwana sankamwa madzi asanakweze tambula padzuwa n'kusuzumiramo, ngakhale kwa eni, moti makolo ankachita manyazi kuyenda nawo.

Anaphunzira pulayimale pafupi ndi siteshoni pomwepo, nasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Atakhoza bwino analowa yunivesite, kumene anaphunzira sayansi ya madzi ndi nthaka, kenako anapita kunja kukatenga digiri ya udokotala. Anzawo ambiri amene anapita nawo sanabwerere. Iwo anabwerera ndi sutikesi yodzaza mabuku, nati kunjako madzi ali nawo kale owayeza.

Anakwatiwa m'chaka cha 2004 ndi telala amene ankasoka pakhonde la sitolo, pafupi ndi geti la yunivesite. Anadziwana chifukwa cha jasi yoyera ya mu labotale imene inabooka ndi asidi. Telala anaika chigamba. Sabata yotsatira jasi inabweranso ndi bowo lina. Telalayo, amene ndi bambo a wolemba mbiriyi, amanena mpaka lero kuti bowo lachitatu linali la sizasi, koma malemu apita asanavomere. Achibale ena atadandaula kuti dokotala sangakwatiwe ndi telala, iwo anayankha kuti, "Ine ndimapeza pong'ambika, awa amasoka. Vuto lili pati?" Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna.

Ntchito yawo inali yophunzitsa ndi kuchita kafukufuku. Kafukufuku amene anawatengera zaka zomaliza za moyo wawo anali wa mtsinje umene umadutsa kuseri kwa fakitale yonyika mitengo ya magetsi m'mankhwala akuda oteteza chiswe. Kumunsi kwa fakitaleyo kumakhala anthu ambiri amene amamwa madzi a m'zitsime zosaya. Amayi akumeneko ankadandaula kuti madzi akununkha phula, ana akutuluka zilonda zosapola, ndipo pakati pambiri pakupita padera. Malemu ankavala jombo za mphira zofika m'mawondo n'kulowa m'matope pamodzi ndi ophunzira awo, ndipo dzina la Amajombo linachokera pamenepo.

Chimene anapeza ndi ichi. Chaka chilichonse chimene ndalama ya dziko inagwa mphamvu, fakitale inkasiya kugula zosefera madzi oipa, pakuti zimachokera kunja. Chaka chomwecho oyendera mafakitale a boma ankasowa mafuta a galimoto, n'kumalemba malipoti ali khale mu ofesi. Ndiye matope a chaka chimenecho ankakhala akuda bii kuposa a zaka zina. Ankakonda kuuza ophunzira awo kuti wofuna kudziwa mmene dziko likuyendera asavutike kugula nyuzipepala, angokumba pansi pa mtsinje.

Tsopano mumve za amapasa. Pa tsiku limene anagwirizana, matope anatapidwa pa ngalande ya fakitale pamaso pa mbali zonse: a fakitale, a boma, ndi a yunivesite. Lamulo la ntchitoyi limati chotapa chilichonse chigawidwe m'mabotolo awiri. Limodzi limayezedwa. Linzake limatsekedwa, kumatidwa chidindo, onse n'kusayinapo, kenako limaumitsidwa m'firiji. Mabotolo otsekedwawo ndi amene malemu ankawatcha amapasa. Wina akatsutsa zotsatira, amapasawo amatumizidwa ku labotale yakunja yosakondera mbali. Koma akasungunuka ngakhale kamodzi kokha, mankhwala a m'kati amasintha, ndipo lamulo siliwawerengeranso ngati umboni.

Zotsatira zinaonetsa poizoni wochuluka koopsa. A fakitale anatsutsa. Pasanathe mwezi anathira simenti pa ngalande yonse n'kumanga mpanda, moti palibe angakatapenso pamalopo. Mboni yokha imene inatsala ndi amapasa.

Ndalama zotumizira amapasa kunja zinalipo, ndipo tsiku limene zinavomerezedwa zinali zokwanira. Koma pamene pepala linkayenda kuchoka pa tebulo ili kupita pa tebulo lina, ndalama ya dziko inagwa. Pofika kubanki zinali zitachepa, ndipo a banki anati ngakhale zikanakwana, ndalama zakunja palibe. Malemu anayamba kuyenda m'maofesi. Ankachoka m'mawa atasita jasi, n'kukakhala pa benchi ya m'khonde la ofesi yoona za chilengedwe mpaka mlonda atayamba kutseka mawindo. Yankho linali limodzi: tikuunikabe. Akapeza wa boma, wa yunivesite ali ku msonkhano. Akapeza wa yunivesite, wa boma uja wasamutsidwa, ndipo watsopano akufuna lipoti liyambirenso. Bwana wina anawalangiza kuti aziganizira anthu amene amadyera pa fakitale, ndiponso kuti dziko likufunika mitengo ya magetsi. Malemu anayankha mwaulemu kuti, "Bwana, mitengoyo tikuiona. Nanga magetsi akewo ali kuti?" Sanaitanidwenso ku ofesi imeneyo.

Kenako jenereta ya ku yunivesite inasowa dizilo. Mafiriji a mu labotale anayamba kudontha, ndipo ntchito za aphunzitsi ena zinaola. Malemu anapempha chilolezo, nasamutsira amapasa kunyumba, m'firiji ya bokosi yotsegula pamwamba imene banja linagula kuti lizigulitsa zoziziritsa kukhosi. Kuyambira tsiku limenelo simunalowenso chakudya. Bambo anaisokera jekete ya mabulangete akale kuti isamatenthe msanga magetsi akazima, ndipo anagulitsa makina awo amodzi osokera kuti agule kajenereta. Alendo ankaseka kuona firiji yovala bwino kuposa eni nyumba.

M'kati mwa firijiyo malemu anaikamo kapu ya madzi oundana, ndipo pamwamba pa madziwo anaikapo kandalama kachitsulo, kaja sikagulanso ngakhale machesi. Firiji itasungunuka anthu kulibe n'kudzaumanso, kandalamako kakanapezeka pansi pa kapu, ndipo aliyense akanadziwa kuti amapasa afa. M'mawa uliwonse, asanasambe kumaso, ankakweza chivundikiro pang'ono n'kusuzumira. Akapeza kali pamwamba ankati, "Dziko lonse lino, ndalama yosagwa ndi yanga yokha." Poyamba a m'nyumba ankaseka. Zaka zitapitapo ankasekabe, koma kungowasangalatsa.

Mwana wawo wamkazi sankaikonda firijiyo, ndipo akuona kuti ayenera kunena. Pamene ankakonzekera mayeso, petulo ankagulidwira firiji, osati nyale yowerengera. Tsiku lina anafunsa mayi ake kuti mwana wawo weniweni ndi uti pakati pa iye ndi mabotolo. Malemu sanakwiye. Anati, "Iwe ukatentha umalankhula, mwanawe. Awa sangathe." Loweruka lotsatira anamutenga kupita naye kumunsi kwa mtsinje. Pa chitsime anapeza mayi wina akutunga, mwana ali kumsana, miyendo ya mwanayo atamanga nsanza. Mayiyo anafunsa kuti, "Amajombo, zija zinatuluka? Tizimwabe?" Malemu anayankha kuti aziyesetsa kutunga ku mpope wa kumtunda. Mayiyo anaseka n'kunena kuti kumpope amagulitsa. Pobwerera, atafika pa mlatho, malemu anaima n'kugwira chitsulo nthawi yaitali.

Kumpingo malemu ankaimba mawu achiwiri m'kwaya ya amayi, ndipo ankaphunzitsa ana Lamlungu m'mawa. Abusa akukumbukira chaka chimene anatsutsana nawo pa za ubatizo wa mumtsinje. Malemu anati Mzimu Woyera satsuka phula. Nkhani inafika mpaka kwa akulu a mpingo, koma mapeto ake mpingo unagula thanki yobatiziramo, ndipo awiriwo anakhala mabwenzi.

Matenda anayamba chaka chatha ndi kutupa kwa mapazi. Anazindikira kuti zinthu sizili bwino tsiku limene jombo zinakana kulowa. Kuchipatala anati ndi impso. Anayamba kutsukidwa magazi ndi makina, koma makinawo anawonongeka, ndipo chitsulo chake chinkadikira ndalama zakunja zomwe zija. Ena akunena kuti awapha ndi matope amene ankalowamo. Mwana wawo salemba zimenezo, chifukwa mayi ake anamuphunzitsa kuti chimene sunayeze usachinene. Chimene iye anaona ndi chakuti aliyense wa m'banja akafika pa bedi lawo, funso loyamba silinali la moni. Linali lakuti, "Kandalama kali pati?"

Atatsala pang'ono kutisiya anaitana bambo n'kuwauza kuti, "Bambo a ana, maliro anga adzayenda okha, anthu ndi ambiri. Firiji ilibe abale. Magetsi akadzazima tsiku limenelo, inu mudzakhale nayo." Bambo anakana, nati anthu adzawaseka. Malemu anati, "Anakusekani kale pamene munkakwatira dokotala." Bambo analonjeza. Malemu anatsikira kulichete Lachiwiri lapitali m'mawa, dzanja lawo lili m'dzanja la bambo.

Magetsi anazima dzulo masana ndipo sanayakebe. N'chifukwa chake bambo sali pano. Bokosi likutuluka pakhomo iwo anaima pa khonde atavala suti yawo, analiperekeza mpaka pa geti, n'kubwerera kukathira petulo m'kajenereta. Petulo amene watsala afika madzulo ano basi, ndipo komwetsera mafuta kulibe ngakhale dontho. Komanso banja lauzidwa kuti lituluke m'nyumba ya yunivesite mwezi uno ukatha. Kumene likupita ndi kachipinda ka kuseri kwa shopu yosokera ya bambo, ndipo kulibe waya wa magetsi.

Mwambo wa mbiri sulola kupempha, koma mwanayu alibe kwina kokanena. Wophunzira wina wa malemu wauza banja kuti ku yunivesite kwafika firiji yatsopano yoyendera dzuwa, ndipo malo alimo. Lamulo limati amapasa sangalandiridwenso ku labotale popanda wa yunivesite ndi wa boma kuonerera limodzi ndi kusayina. Zaka zonsezi malemu analephera kukukumanitsani m'chipinda chimodzi. Lero mwabwera nokha, mwakhala moyandikana, ndipo galimoto zanu zili pamsewupo. Nyumba ili panjira yobwerera m'tauni. Tikachoka kumanda kuno, musanapite kukasamba m'manja, dzerani. Bambo atsegula chivundikiro, muone nokha kuti zidindo zanu zili momwe munazisiyira. Cholembera chilipo.

Mukamaganiza, chonde mucheuke. Amayi amene aima kumbuyo uko, kunja kwa tenti, achokera kumunsi kwa mtsinje, ndipo abwera wapansi. Akabwerera madzulo ano akatunga pa zitsime zomwe zija. Amapasa akasungunuka, palibenso chimene chidzawalankhulire.

Malemu asiya amuna awo, amene ali kunyumba kusunga lonjezo. Asiya mwana wamkazi, amene walemba mbiriyi, ndi mwana wamwamuna, amene ali ku pulayimale. Asiya mayi awo owabala, alongo awo anayi, apongozi, alamu, ndi ana a alongo awo. Asiya ophunzira ambiri amene analowa nawo m'matope, ndi jombo zimene zili kuseri kwa chitseko.

Mwanayu asananyamuke m'mawa uno anakweza chivundikiro monga ankachitira mayi ake. Amayi, kandalama kakadali pamwamba. Zotsalazi zili m'manja mwa amoyo amene akhala pamipando apa. Amajombo avula jombo, apumule mu mtendere.