Nzimbe ya Galimoto

Pa siteji ya minibasi ku Luchenza, bambo wina analuma nzimbe yomwe anagula kwa mayi wogulitsa, n'kulavula.

"Mayi, iyi ndi nzimbe kapena nsungwi? Luzi lokhalokha, madzi mulibe."

"Aliyense akutero, bambo. Mbewuyi anandipatsa ndi alamu anga, amagwira kumunda wa kafukufuku. Ankati imakula msanga."

"Ho, imeneyo! Amaikwatitsa ndi yakuthengo, n'kumasankha yolimbayo. Si yotafuna ayi. Akufuna azipangira mafuta a galimoto."

"A galimoto?"

"Eetu."

"Ine ndinazula mbatata kudimba kuti ndidzale imeneyi. Usana kuthyola tiyi, madzulo kukathirira."

"Pepani, mayi."

"Chaka chathunthu ndikulimira galimoto. Koma lero kwathu ndibwerera wapansi, mtolo wanga pamutu."