Poto Wofiira wa Mayi Aranka Reiner

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1951 ku Miskolc, ali achiwiri mwa ana awiri a bambo Jenő Spitzer, amene ankazinga nyama motsata malamulo athu a Chiyuda. Woyamba kubadwa ndi bambo anga, a Miksa, amene akhala kutsogoloku atang'amba malaya monga mwa mwambo wathu wa maliro. Ine ndine Gábor, ndipo malemuwa ndi azakhali anga.

Mu 1969 anapita ku Budapest kukaphunzira zophika. Mu 1974 anakwatiwa ndi bambo Andor Reiner, wokonza mawotchi, ndipo chaka chomwecho anayamba ntchito kukhitchini ya nyumba yathu yosungira okalamba. Amene munalawa nyemba zawo za pa Sabata, zija zosambira m'mafuta a tsekwe, mukudziwa kuti sindikukokomeza.

Mu 1988 akuntchito anawatuma kufamu kukasankha atsekwe. Kumeneko anaona atsekwe opanikizidwa m'zikwere, akuwalowetsa paipi kummero ndi kuwapopera chimanga kuti chiwindi chitupe. Atabwerako anati bambo awo ankanola mpeni mpaka chikhadabo chisapeze pogwira akachiyendetsa pampenipo, kuti nyama isamve kuwawa ngakhale kamphindi; nanga mpeni wotero uli ndi phindu lanji pa mbalame yozunzika moyo wake wonse? Kuyambira tsikulo anasiya nyama, mkaka ndi mazira. Mapoto a nyama a chizindikiro chofiira ndi a mkaka a chizindikiro chabuluu anawatsuka n'kuwakweza pamwamba pa kabati.

Anthuni, apa ndinene zoona, pakuti a Miksa andilamula kuti ndisabise. Tinawaseka. Tinkati azakhali asanduka mbuzi. Tikaitanidwa kwawo tinkayamba tadya kwathu, kenako n'kumakankha mphodza m'mbale ngati ana. Pa Pasika wa 1991 anaika bitiruti yowotcha, muzu wofiira wonga mbatata, pambale ya mwambo, pamalo pa fupa la nyama limene mwambowo umafuna. A Rabi anali atavomereza, koma a Miksa anaimirira nati mwana wa Jenő Spitzer wanyoza manda a bambo ake, ndipo iwo a Miksa sadzadyanso m'nyumba imeneyo mpaka poto wofiira wa nyama atatsika pakabati paja. Anatenga chipewa n'kutuluka. Mawu amenewo anawasunga zaka 32, ngakhale nyumba zawo zatalikirana misewu itatu yokha.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti malemu sanagone nayo nkhaniyi. Sananenepo kuti nyama ndi tchimo; ankafuna nyama yololedwa ndi malamulo, ya chiweto chimene chinaonako dzuwa. A Andor atiuza kuti Lamlungu lililonse malemu ankakwera sitima kukazonda mafamu. Kumene atsekwe ankayenda momasuka, wozinga wathu ankati n'kutali, sangapitire mbalame ziwiri zitatu. Kumene wozinga ankafika, kunali mapaipi aja. Alimi ena ankawatcha gogo wamisala wofunsa ngati tsekwe amasamba. Iwo ankangoseka, n'kubwerera ndi nsapato zamatope.

Anapuma pantchito mu 2011, atadyetsa okalamba zaka zambirimbiri zakudya za masamba zimene ankanyambita nazo zala. Ife a pabanja tokha ndife tinali ouma mutu.

Mu Epulo chaka chino anapeza mayi Piroska Balla, mlimi wa m'mbali mwa mtsinje wa Tisza, amene anavomera kuwalerera atsekwe asanu ndi mmodzi pa udzu ndi pamadzi. Wozinga wachinyamata analonjeza kupitako mu Novembala. Malemu anakwera pampando, pa msinkhu wawowo, natsitsa poto wofiira. Analembera a Miksa kalata kuti abwere adzadye tsekwe. Malemu anati iwo eni sadzalawa, koma adzakhala nawo pa tebulo. A Miksa anaipinda kalatayo nati adzayankha zikondwerero za chipembedzo chathu zikatha. Mumtima anali atavomera kale. Ankangofuna kuti mlongo wawo adikireko pang'ono.

Mu Seputembala malemu anayamba kudandaula m'mimba. Madokotala anapeza khansa ya kapamba itafalikira kale. A Miksa anathamangira kuchipatala ndipo sanachoke pambali pa bedi, koma nthawi imeneyo azakhali sankathanso kumeza ngakhale madzi. Anatisiya Lamlungu pa 5 Novembala 2023, ali ndi zaka 72. Poto uja akadali pachitofu, wotsukidwa, wopanda kanthu. Atsekwe ali moyo, ndipo a Andor ati asiyidwe choncho.

Malemu asiya amuna awo a Andor, ana awiri, Judit ndi Tamás, zidzukulu zitatu, ndi mlongo wawo a Miksa. Tikuthokoza a Rabi, amayi a bungwe losambitsa maliro, anamwino, ndi mayi Piroska amene ayenda ulendo wautali kudzaperekeza mnzawo.

Tikachoka kumanda kuno tipita kunyumba ya malemu kukayamba masiku asanu ndi awiri a maliro. Monga mwa mwambo, anansi atiphikira chakudya cha anamfedwa, chomwe ndi mphodza. A Miksa lero akadya m'nyumba ya mlongo wawo, atakhala pa kampando kakafupi ka anamfedwa, mphodza zomwe zija ankazikana, mwini nyumba palibe. Zikutipweteka, ndipo tikuchita manyazi.

Azakhali, munatidikira nthawi yaitali, ife tafika mochedwa. Mutikhululukire. Mzimu wanu uuse mumtendere.