Apilo ya Mtengo wa Azitona

Khoti la apilo la m'chigawo chathu linatsekedwa zaka makumi atatu zapitazo, koma Si Boujemaa, amene ankaitana milandu pakhomo, anasiyidwa kuti azisunga mafayilo. Tsiku lina pochokera ku swala ya masana kumzikiti anapeza Lalla Rkia pamakwerero akupumira m'mwamba, ndipo anawapatsa mpando wawo, iwo n'kukhala pa bokosi.

"Ndabwerera kalata," anatero mayiwo, "yonena kuti mlandu wathu ndi banja la Ouhammou, wa mtengo wa azitona uja, unatha. Mdzukulu wawo akufuna kukwatira mwana wanga Ghita, koma akwawo akuti ukwati palibe mpaka aone pepala."

Si Boujemaa anatulutsa fayilo, fumbi lake n'kuliuzirira kumbali kuti lisawatsamwitse mlendo.

"Sunathe, Lalla. Bambo anu atagonja kukhoti laling'ono anachita apilo kuno. Oweruza anati abwere Lachinayi."

"Ndiye?"

"Lachitatu khoti linatsekedwa."

"Basitu, unatha."

"Ukudikira."

"Ukudikira ndani? Oweruzawo ali kuti?"

"Anatisiya onse atatu, Mulungu awachitire chifundo."

"Bambo anga anapita. Ouhammou wamkulu anapita. Mtengowo unauma, nkhuni zake tinaotha. Chatsala n'chiyani?"

"Fayilo."

Lalla Rkia anasendeza mpando, natsitsa mawu.

"Mwana akulira usana ndi usiku. Ingolembani kuti unatha, achimwene. Aone ndani?"

Si Boujemaa analoza kumwamba ndi chala.

"Komanso ine ntchito yanga n'kuitana, si kuweruza."

"Iii, ndiye itananitu!"

Bamboyo anaimirira, nakonza chisoti, n'kufuula mayina a malemu awiriwo m'khonde lopanda munthu. Nkhunda zinauluka pazenera. Anadikira pang'ono, monga mwa lamulo.

"Onse sanabwere. Zikatero timasuntha tsiku."

"Kodi mayi anu anakuberekerani m'kabati?"

"Ayi, Lalla, kumudzi."

Mayiwo anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Si Boujemaa anayang'ana kumbali, nawathirira tiyi, n'kutsegulatsegula fayilo kwa nthawi yaitali kuposa mmene zinkafunikira.

"Njira ilipo," anatero. "Mwana wa wochita apilo angathe kuichotsa. Mungodinda chala apa, mawa ndikutumiza kulikulu. Mulungu akalola, mwezi uno ng'oma zilira."

"Nanga osanena kale bwanji? Bweretsani inkiyo."

Anaviika chala chachikulu, nachikweza pamwamba pa pepala.

"Ndikadinda, zatha?"

"Zatheratu. Chimatsala ndi chigamulo choyamba."

"Chiti?"

"Chonena kuti mtengo unali wa a Ouhammou."

Chala chinaima m'malere. Lalla Rkia anachiyang'ana, kenako anachipukutira pang'onopang'ono pa bokosi.

"Ghita akadali mwana, sakuthamangira kulikonse. Tandiuzani, achimwene, basi yopita kukhoti la kulikuluko imanyamuka nthawi yanji?"