Chenjerai Wapuma Ntchito

Pa siteji ya makombi, maminibasi a ku Old Naledi kudziko la eni, panali mayi wina amene ankayamba wapukuta foni pachitenje asanaonetse munthu chithunzi. Ulendo uno anaonetsa mlonda amene anamumva akuyankhula Chichewa.

"Achimwene, taonani. Wamtaliyu ndi mwana wanga Chenjerai, ali ku Amereka. Amasewera mpira, akuti malo ake ndi taiti endi."

"Mpira wanji, mayi? Wagwira ndi manjatu apa. Ndi goloyi?"

"Ndinamufunsa, akuti ayi. Pena amawakha mpira n'kuthawa nawo, pena amangokankha anthu kuti mnzake adutse."

"Oyimbira osaliza wezulo? Nanga chipewa cha njinga yamotocho?"

"N'chogundirana mitu. Wakhala akugundana choncho kuyambira ku koleji. Pano akuti wapuma ntchito."

"Kupuma? Ali ndi zaka zingati?"

"Makumi atatu."

"Aaa! Ine wa imvi ndikulonderabe geti! Amuchotsa ameneyo, akuchita manyazi kunena."

"Nanenso ndinkatero. Koma Lamlungu anandiimbira kundiuza kuti wapuma, tinacheza bwinobwino. Madzulo anaimbanso: 'Amayi, ndili ndi nkhani, ndapuma.' Lolemba chimodzimodzi."

"Mwina amangocheza."

"Sachita nthabwala ndi ine. Mkazi wake akuti ndi mutu, wayamba kuiwala."

"Ndiye mutani?"

"Tikiti ananditumizira kalekale, ndinkakana poopa kutaya ntchito ya m'nyumba ku Block 6. Madamu azichapa okha. Mpirawo sindiumvetsa, koma ndipite asanandiiwale. Chikwama ndi ichi."