Mapointi Awiri Amene Ndinabisira Bambo Anga

Moni nonse m'dzina la Ambuye, inu amene mumawerenga zimene ndimalemba pano, makamaka inu amene zotsatira za Giredi 12 zatuluka ndipo mwadzitsekera m'nyumba. Ine ndine Bupe, ndinakulira m'komboni ya Kanyama. Lero ndikufuna kukuuzani za chaka chimene yunivesite inandikana chifukwa cha mapointi awiri, ndi mmene ndinanamizira bambo anga miyezi isanu yathunthu. Nkhaniyi imandiwawabe, koma ndiifotokoza.

Bambo anga anali okhoma mbaula. Anachokera ku Kasama ali achinyamata, ndipo moyo wawo wonse anathera m'mbali mwa msewu, nyundo m'manja, malata akale pamiyendo. Sukulu analekera Giredi 5. Atamva kuti ndimakhoza sayansi anasiya kunditchula Bupe, ndinakhala "ba Dokota". Ngakhale pondituma kukagula tomato ankati, "Ba Dokota, thamangani." Ndinkachita manyazi, koma pansi pa mtima zinkandikomera.

Zotsatira zitatuluka tinawerenga monga mmene aliyense amawerengera m'komboni: umasankha maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, n'kuphatikiza mapointi ake. Mapointi akachepa ndiye kuti wakhoza kwambiri, ndipo anga anali 9. Mayi anandithira paudala m'mutu mpaka ndinatsokomola, azimayi a kutchalitchi anaimba nthungululu, bambo anatseka ntchito tsiku lonse. Palibe amene anayang'ana pa masamu, pamene panali 6. Ine ndinapaona, koma ndinati Chipembedzo, Sivikisi ndi Chinyanja zandiphimba kale. Pa fomu ndinalemba digiri ya sayansi yokha, chifukwa ndinkati munthu wa mapointi 9 sapempha kawiri.

Mayina a osankhidwa atatuluka, langa panalibe. Ndinawerenga mndandanda katatu, kenako ndinakwera minibasi kupita kuyunivesite komweko, ndili ndi ukali wa munthu amene waberedwa. Bambo wina wa mu ofesi anatenga cholembera n'kundiwerengera modekha. Kusukulu ya sayansi sakulola kusankha maphunziro amene akukukomera. Masamu, Chingerezi ndi maphunziro a sayansi amalowa ufune usafune, ndipo pamenepo masamu anga anandikokera pansi. Mzere umene anadulira chaka chimenecho ndinauphonya ndi mapointi awiri. Ndinatuluka mu ofesimo, ndipo ndinalira m'minibasi mpaka kondakitala anaiwala kundiuza kuti ndisunthe.

Nditafika kunyumba ndinapeza bambo atakhala pakhomo, miyendo itatupa. Nthawi imeneyo mtima unali utayamba kuwavuta. Anandiyang'ana ndi nkhope yowala, ndipo pakamwa panga panatuluka bodza ndisanaganize n'komwe.

"Ba Tata, mazina yakalibe kuchoka."

"Yazachoka chabe, ba Dokota," anatero. "Vinthu vabwino sivithamanga."

Bodza limenelo ndinalisenza miyezi isanu. Bambo anayamba kundikhomera thiranki yachitsulo yopita nayo kuyunivesite. Mphamvu zinali zitawathera, choncho ankakhoma pang'ono n'kupuma, kukhoma pang'ono n'kupuma. Nyundo iliyonse inkagwera pamtima panga. Ndinasiya kwaya, ndinasiya kudutsa kumsika, chifukwa aliyense ankafunsa kuti ndinyamuka liti. Ndinasala kudya masiku atatu, koma pemphero langa silinali la ulemu. Ndinauza Mulungu kuti wandichititsa manyazi, ndipo ngati alidi ndi chifundo atumize munthu, chifukwa ine nzeru zandithera.

Munthu amene anatumizidwa ndi amene sindikanamusankha.

Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala mayi wina, Bana Chanda. Inu a ku Kanyama mukudziwa zimene mvula imachita. Chaka china madzi atasefukira, Bana Chanda anaika matumba a mchenga pakhomo pawo, madzi onse n'kukhotera m'nyumba mwathu mpaka matiresi anayandama. Mayi anga anawatukwana, iwonso anabweza, ndipo kwa zaka zitatu panalibe moni pakati pathu. Ine ndinkawada kuposa mayi. Chimene sindinkachilabadira n'chakuti ankagwira ntchito yokolopa kuyunivesite, m'malabu a sayansi momwemo.

Tsiku lina m'mawa ndili pampopi, anaika chidebe chawo pafupi ndi changa. Ndinayang'ana kumbali. Anadikira kuti anthu achepe, kenako analankhula motsitsa mawu.

"Iwe Bupe, mazina yanachoka kudala. Nenze nayangana, yako kulibe. Ba Tata bako baziba?"

Ndinamva ngati andivula pagulu. Ndinadziwa kuti pofika madzulo komboni yonse ikhala itamva, ndipo mayi anga sadzadzutsanso mutu. Ndinawafunsa mwamwano kuti akufuna chiyani kwa ine.

"Nikanafuna kukuseka, sembe nakuseka kudala," anatero. "Nakolopa kuja zaka zambili, naona bana monga iwe. Vuto yako ni masamu chabe. Lembanso masamu yeka pa GCE, bazaphatikiza na setifiketi yako. Koma ba Tata bako ubauze. Munthu odwala sibamunamiza."

Anadziwa miyezi yonseyo, ndipo sanauze munthu. Mayi amene ndinkamutcha mfiti mumtima mwanga anasunga manyazi anga bwino kuposa mmene ine ndinawasungira. Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma ine sindinkadziwa kuti mawuwo amagwiranso pa mwana wa mdani.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinapeza bambo akupenta dzina langa pa thiranki. Ndinagwada pafupi nawo n'kunena zonse: za masamu, za mapointi awiri, za bodza langa. Sanandiyang'ane. Anamaliza chilembo chimene ankalemba, anapukuta burashi, kenako anati:

"Nenze naziba, ba Dokota. Bana ba banzanga banayenda kudala. Nenze nayembekeza chabe kuti uniuze weka."

Abale anga, ndikanakonda akanandimenya. Miyezi isanu bambo odwala ankakhoma thiranki akudziwa kuti sindikupita kulikonse, kudikira kuti mwana wawo awakhulupirire. Masiku amene ndikanakhala nawo pakhomo n'kumacheza, ndinkawathawa kuopa maso awo. Masiku amenewo sadzabweranso, ndipo ichi ndi chimene chimandiliza mpaka lero.

Bambo ataona kuti sindikutonthola anandigwira paphewa n'kuloza chitsulo cha thiranki ija. "Masamu yakukana? Na ine nsimbi imanikana. Nimaimenya futi."

Ndinalembetsa masamu pa GCE, mayeso a anthu obwereza. Bana Chanda ankandibweretsera mabuku ndi mapepala amene ophunzira ankataya potseka temu, atawakulunga m'chitenje kuti mayi asaone. Anapemphanso mayi wina wogwira ntchito mu labu kuti azindiphunzitsa Loweruka lililonse, ndipo mayiyo sanali wa masewera. Ndikalakwitsa ankanditcha "mayi wa Sivikisi" n'kundibwezera funso lomwelo mpaka ndilipeze. Kunyumba ndinkawerengera pafupi ndi bambo. Sankamva kanthu pa zimene ndinkalemba, koma ankafuna kuti ndiziwerenga mokweza, ndipo ndikafika pa yankho ankagwedeza mutu ngati alitsimikiza.

Bambo anamwalira kutatsala masabata awiri kuti ndilembe. Sindinafunenso kumva za masamu. Ndinati ndikhozerenji, popeza wondinyadira wapita? Pamaliro, munthu woyamba kufika ndi nkhuni ndi mapoto anali Bana Chanda. Mayi anga atawaona anangowagwera pachifuwa n'kulira, ndipo za matumba a mchenga sizinatchulidwenso. Tsiku la mayeso Bana Chanda anajomba kuntchito, anandidzutsa, anandiperekeza mpaka pageti, n'kukhala pamwala kundidikira. Ndinalemba misozi ikudonthera papepala, ndipo masamu aja ndinapeza 2.

Ndinapemphanso malo chaka chotsatira. Uthenga unandipeza ndili m'minibasi, ndikuchokera kutauni kokaoda kaunjika amene mayi ankagulitsa kumsika. Ndinawerenga kawiri: anditenga, digiri ya sayansi. Ndisanazindikire chimene ndikuchita ndinali nditaimba nambala ya bambo. Foni yawo inatsala ndi mayi. Itangoyankhidwa ndinafuula, "Ba Tata, banitenga!"

 Ndinamva mayi akupuma movutika, ndipo pamenepo ndinakumbukira kuti bambo kulibe. Kenako anati, "Ni ine, mwana wanga. Kamba futi, nimvele na ine." Ndinabwereza, ndipo tinalira tonse awiri, iwo kumsika, ine pakati pa anthu osandidziwa.

Tsopano ndili m'chaka chachitatu. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lamwano n'kuliyankha kudzera pakhomo limene sitinkapondako. Ndikuthokoza Bana Chanda, amene ndimakumana nawo m'khonde la labu atanyamula mopu, ndipo ndimawagwadira anzanga akuona. Sindinganame kuti zonse zinakhala bwino, chifukwa chisangalalo changa chili ndi bala limene silinapole.

Iwe amene mzere wakusiya kunja, usataye mtima. Pita ukafunse maphunziro amene amawerengadi pa digiri imene ukufuna, ulembenso limene lakugwetsa, ndipo upemphere ngakhale mawu ako atakhala owawa. Yunivesite idzatsegulanso chaka chamawa, malo adzapezeka. Koma ngati kunyumba kuli munthu amene akudikira kumva kwa iwe, pita ukamuuze lero, adakali ndi makutu okumvera.